Mapiritsi Asanu ndi Limodzi

Chiperoni cha chaka cha 1988 chinabwera pakati pa mwezi wa Juni ndipo chinakhala sabata yathunthu. Phiri la Chiradzulu silinkaoneka, chimanga chimene anthu anayanika pamikeka chinayamba kununkha chinyontho, ndipo ana a m'mudzi mwa Selestina, kumtunda kwa Milepa, ankangotsokomola khomo ndi khomo. Enawo anatsokomola n'kusiya. Ellina, mwana yekhayo wa Selestina, wa zaka zinayi, sanasiye.

Lachitatu m'mawa Selestina anamupeza atagona chammbali pamphasa, thupi lili moto, akupuma mofulumira ngati wachokera kothamanga. Phala analikana. Mayi ake a Selestina, aNabanda, amene nyumba yawo inali pabwalo lomwelo, anafika atanyamula masamba a bulugama.

"Tiyambe tamufukiza kuti chifuwa chimasuke," anatero aNabanda.

"Ayi amayi, ndikupita naye kuchipatala. Kapumidwe aka sindikukamvetsa."

"Mapiritsi anu omwewo ndi amene amafooketsa ana. Iwe unakula ndi chiyani?"

Selestina anabereka mwanayo, anamufunditsa nsalu ziwiri, n'kutsika njira ya ku Milepa m'kamvula kowaza. Panalibe mwamuna womufunsa. Mwamuna wake, Lameck, anali telala ku Limbe, ankasoka pakhonde la sitolo ina, ndipo kumudzi ankabwera kumapeto kwa mwezi kokha.

Adokotala a pachipatala chaching'ono cha ku Milepa anali a Mateyu, munthu wamfupi wa imvi m'mbali mwa mutu, wosakonda kuseka. Anavula wotchi n'kuiika patebulo, anakweza diresi la Ellina, n'kuyamba kuwerenga mmene chifuwa chake chinkakwerera ndi kutsika. Atamaliza anagwedeza mutu.

"Chibayo ichi, mayi. Koma mwafulumira, mwachita bwino."

Anawerengera mapiritsi oyera m'kaenvulopu kakang'ono, analembapo dzina la mwanayo, n'kukagwirabe m'manja osapereka.

"Awa ndi bakitirimu. M'piritsi limodzi muli mankhwala awiri ogwirira ntchito pamodzi. Alipo khumi. Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, masiku asanu. Muziphwanya pasupuni, muzisakaniza ndi phala pang'ono, ndipo azimwa madzi ambiri. Mukaona totupa pakhungu kapena zilonda m'kamwa, musiye, mubwere naye msanga. Mwamva?"

"Ndamva, adokotala."

"Chinanso. Mawa kapena mkucha mwanayu ayamba kusewera. Musanyengeke. Matenda amakhala angogona, sanafe. Amalize onse khumi."

Piritsi loyamba Ellina anamwera pomwepo, akulira. Lachiwiri anamwa madzulo kunyumba. Selestina anaika kaenvulopuko m'chitini chakale cha mkaka n'kuchisanjika pamwamba pa khoma, pomwe mwana sakanafikira. Lachinayi m'mawa anapatsa mwanayo lachitatu, ndipo pofika masana thupi linali litazizira, Ellina atakhala pakhonde n'kumatafuna mbatata yootcha.

Masana omwewo Lameck anatulukira. Selestina anadabwa, chifukwa mwezi unali usanathe. Anamulandira chikwama, anamupatsa mpando, koma Lameck sanakhale. Ananyamula Ellina, anamutsitsa, anazungulira kuseri kwa nyumba, anabwerako, anayang'ana nkhokwe, anapitanso kuseri.

"Kwagwanji ku Limbe, bambo a Ellina?"

"Palibe. Ntchito yachepa, ndiye ndinati ndikaone kumudzi. M'thupimunso simuli bwino kwenikweni, ngati malungo."

"Ndiye mawa mupite kwa a Mateyu. Ife tinali komweko dzulo."

"Aa, zing'onozing'ono izi. Zitha zokha."

Selestina anamufotokozera za chibayo cha mwana ndi zonse zimene adokotala ananena. Lameck ankamvetsera theka, maso ali kwina, mpaka pamene anamva dzina la mankhwalawo.

"Mwati ampatsa chiyani?"

"Bakitirimu."

"Angati?"

"Khumi. Wamwa atatu."

Lameck anangoti "Oo," n'kupitanso kuseri. Selestina anaona kuti tsiku limenelo mwamuna wake anapita kuchimbudzi kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse ankabwerako nkhope itachita thukuta ngakhale kunja kunkazizira. Madzulo Selestina anatsitsa chitini, anaphwanya piritsi lachinayi, anawerenga otsala. Analipo asanu ndi limodzi. Lameck anali atakhala pampando pafupi ndi chitseko. Pogona anayala mphasa yakeyake, akuti asapatsire anthu malungo.

Lachisanu m'mawa chitinicho chinali pamalo pake, chotseka bwinobwino, koma mkati munalibe kanthu.

Selestina anachigwedeza. Anachitembenuza. Anakwera pampando n'kupapasa pamwamba pa khoma kuyambira kuchitseko mpaka kungodya, n'kungopeza fumbi ndi ndowe za makoswe. Anatulutsa mphasa, mabulangete, mbale, mtanga wa zovala, zonse pabwalo. Anasesa m'nyumba kawiri, n'kukhala pansi kupeta zinyalalazo ndi zala.

"Ndi makoswe amenewo," anatero Lameck ataima pakhomo. "Nyumba ino makoswe achuluka."

"Khoswe amatsegula chitini n'kutsekanso?"

"Kaya. Mwina munaika pena, mwaiwala."

"Sindinaiwale. Munaliko inu dzulo ndikubwezera."

"Ine ndimayang'ana zimenezo? Komanso taonani mwanayo. Wachira uyu."

Ellina analidi pabwalo akuthamangitsa anapiye, akutsokomola mwa apo ndi apo. Selestina anamuyang'ana, mtima osakhazikika. Kenako anakumbukira masamba a bulugama aja, ndipo mutu unamutentha. Anawoloka bwalo n'kupeza mayi ake akutonola chimanga.

"Amayi, mankhwala a mwana ali kuti?"

"Mankhwala ati?"

"Musandifunse. Munanena nokha kuti mapiritsi amafooketsa ana. Mwawataya kuti? M'chimbudzi?"

ANabanda anaika chitsononkho pansi pang'onopang'ono.

"Selestina, ine ndilowe m'nyumba ya mkamwini, iye ali momwemo, ndikatenge mankhwala a mdzukulu wanga? Ukundiyesa ndani?"

"Nanga ndani wina amene sankawafuna?"

"Ndinanena maganizo anga, iwe unakana, ine ndinasiya. Pita, usandilankhulenso lero."

Azimayi awiri a nyumba zoyandikana anali atasiya ntchito zawo n'kumamvetsera. Selestina anabwerera kwake manyazi ndi mkwiyo zitasakanikirana. Anamanga nsalu kuti atsikirenso ku Milepa, koma atafika pamphambano anaima. Akawauza chiyani a Mateyu? Kuti mapiritsi asowa okha m'chitini chotseka? Anali atamvapo mmene adokotalawo anakalipira mayi wina amene anagawira mankhwala a mwana wake kwa ana a mnzake. Anabwerera. Atafika pakhomo anaganizanso zopita. Lameck anamuletsa.

"Mukavutikirenji? Ndipita ine kugolosale ndikagule ena."

Anapita, anakhalitsa, anabwera ndi mapiritsi awiri a mutu okulungidwa m'kapepala. Selestina sanamupatse mwanayo. Tsiku lonselo ntchito sinagwirike. Ankayamba kusinja n'kusiya, kukagwira Ellina pachipumi, kubwerera pamtondo, kukayang'ananso m'chitini chimene ankadziwa kuti mulibe kanthu.

Loweruka kunacha ndi dzuwa, loyamba pa sabata yonseyo. Lameck anati akukaona munda wa kudimba. Chakumasana Selestina anasonkhanitsa zovala zakuda, kuphatikizapo za m'chikwama cha mwamuna wake, n'kutsikira kumtsinje. Ali pamwala wochapira anapisa m'matumba a thalauza la Lameck, monga ankachitira nthawi zonse, poti matelala amaiwalamo singano. M'thumba lakumbuyo munali kapepala kopindidwa kanayi. Anakatambasula. Selestina anasiyira sukulu sitandade 4, koma dzina la mwana wake ankatha kuliwerenga.

Anakhala pamwalapo, madzi akumudutsa m'mapazi. Kenako anatenga kabudula wamkati amene anali atakulungidwa pansi penipeni pa chikwama, anamutambasula, anaona madontho achikasu ouma. Sanachapenso. Anabweza zonse m'beseni zili zouma n'kukwera mtunda.

Anampeza Lameck atabwerako, atakhala kuseri kwa nkhokwe, miyendo atatangadza. Anamuponyera kaenvulopuko pamiyendo.

"Khoswe uja ndamupeza."

Lameck anayang'ana kapepalako nthawi yaitali.

"Ndinakatola pansi," anatero.

"Bambo a Ellina, musandipusitse kawiri. Kabudula wanu ndamuona."

Apo Lameck anagwetsa nkhope. Analankhula motsitsa mawu, akuyang'ana uku ndi uku kuopa apongozi ake. Anavomera kuti ku Limbe kunali mkazi wina amene ankagona naye. Anati zinayamba masiku khumi apitawo. Pokodza pankawotcha ngati tsabola, ndipo kunkatuluka mafinya. Kuchipatala cha m'tauni anaopa kupitako chifukwa amafunsa kuti ubwere ndi amene unagona naye. Mnzake wina wosoka naye pakhonde anamuuza kuti bakitirimu ukameza ambiri nthawi imodzi chinzonono chimatha. Anabwera kumudzi kudzabisala mpaka zitapola, ndiye anangomva kuti mankhwala omwewo ali m'nyumba.

"Munameza onse?"

"Onse."

"Asanu ndi limodzi, a mwana wa zaka zinayi."

"Mwanayo anali atachira, mayi a Ellina. Ndinamuona ndi maso anga akusewera. Ndikanaona kuti akudwalabe sindikanatenga."

"Ndipo munaima pakhomo paja n'kumandionerera ndikusesa nyumba. Munandimva ndikunyoza amayi anga pamaso pa anthu. Munangokhala chete."

Lameck anatola kaenvulopuko n'kukapindanso.

"Nanga mwachira?"

"Zachepako pang'ono," anatero, koma mmene anakhalira zinkaoneka kuti akunama.

Selestina anafuna kukuwa kuti mudzi wonse umve, koma anangomusiya pomwepo. Anapita kukafuna Ellina. Anamupeza atagona pamthunzi wa mpapaya, anzake akusewera patali. Pachipumi panali pofunda, osati kwambiri. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo poti linali Loweruka, chipatala anali atatseka. Anadziuza kuti Lolemba m'mamawa adzakhala woyamba pamzere, ndipo adzanena zoona zonse. Anayang'ana kunyumba kwa mayi ake. Chitseko chinali chotseka, ndipo analibe mphamvu zokagogoda.

Matendawo sanadikire Lolemba. Lamulungu kutangocha, Ellina anali moto kuposa poyamba. Milomo inali itauma, madzi ankawakana, ndipo akamakoka mpweya pansi pa nthiti pankalowa mkati ngati wina akukanikiza ndi chala. Sankalira n'komwe. Ankangobuula pang'onopang'ono, maso atatseka theka.

"Kabwerekeni njinga kwa amalume," anatero Selestina. "Thamangani."

A Kalinde, mlongo wawo wa aNabanda, anali akukonzekera za kutchalitchi. Anapereka njinga osafunsa zambiri. Selestina anakhala pakaliyala mwana ali kumsana, Lameck n'kuyamba kupalasa. Njira inali yoterera ndi mvula ya sabata yonse ija. Pa chishalo Lameck sankatha kukhala bwino chifukwa cha ululu, ankapalasa choimirira, akulumira mano, thukuta likutsika m'khosi. Pachitunda cha pafupi ndi sukulu njinga inaima. Selestina anatsika n'kuyamba kuthamanga wapansi, Lameck akukankha njinga pambuyo pake. Anthu opita kumapemphero ankapatuka, ena akufunsa kuti kwagwanji, koma iwo sanaime.

A Mateyu ankakhala m'nyumba ya kuseri kwa chipatala. Anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, anayang'ana mwanayo kamodzi kokha, n'kubwerera kukatenga makiyi. M'chipinda choonera odwala sanavulenso wotchi. Anakweza diresi, anaona nthiti zija, anayamba kukonza jakisoni.

"Si mwana wa Lachitatu uja uyu? Mapiritsi atsala angati?"

Selestina anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa, mayi. Lero m'mawa amayenera kumwa lachisanu ndi chinayi. Wamwa angati?"

"Anayi."

"Anayi!" A Mateyu anamenya tebulo ndi chikhatho. "Ndinakuuzani chiyani? Sindinanene kuti musanyengeke akayamba kusewera? Inu azimayi mumafuna tizilankhula chinenero chanji kuti mumve? Otsalawo mwasungira ndani?"

Selestina anamva misozi ikubwera, koma anaimeza. Anatembenukira kuchitseko kumene Lameck anaima atagwira chipewa.

"Funsani bambo akewo, adokotala."

A Mateyu anabaya jakisoni, anapukuta pamalopo ndi thonje, kenako anayang'ana Lameck.

"Ndinamwa ine," anatero Lameck.

"Mukudwala chiyani?"

Lameck anatchula matendawo ndi mawu otsika kwambiri moti adokotala anachita kumubwerezetsa. A Mateyu anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanakalipenso.

"Mayi, pepani, ndakulakwirani. Tsopano mverani nonse. Mwanayu pano sitingamuthe, mapiritsi sangathandizenso. Akufunika kukagona kuchipatala chachikulu kuboma, azikalandira jakisoni usana ndi usiku. Ndikulemberani kalata. Wansembe amene wabwera kudzachita misa ali ndi galimoto, ndikamupempha ndekha. Inu bambo, mapiritsi asanu ndi limodzi amenewo sanakuchizeni. Mwangomulanda mwana wanu, inu osapindula kanthu. Mulandira mankhwala anu oyenera musanachoke pano."

Anatembenukiranso kwa Selestina.

"Abambowa anabwera liti kumudzi ulendo wapitawo?"

"Kumapeto kwa Meyi."

"Ndiye inunso mukafika kuboma mukapimidwe. Ndilemba m'kalata momwemo. Matenda amenewa mwa azimayi amatha kukhala chete, koma akuwononga mkati."

Selestina anakumbukira kuti kwa milungu iwiri m'chinena munkamupweteka pang'ono, iye n'kumati ndi kuzizira ndi ntchito yokolola. Anamva ngati wavulidwa nsalu pamsika. Sanayang'anenso kumene kunali mwamuna wake.

Misa itatha wansembe anabwera ndi galimoto yake. Selestina anakhala kutsogolo atafukata mwana. Lameck anafuna kukwera kumbuyo.

"Bwezani njinga ya amalume," anatero Selestina pawindo. "Ndipo mukawauze amayi amene anatenga mapiritsi. Mukawauze nokha, ndi pakamwa panu."

Ku chipatala cha kuboma Ellina anagonekedwa m'chipinda cha ana, pabedi limodzi ndi mwana wina wa chikuku chongopola kumene. Masiku awiri oyamba sanasinthe. Anamwino ankabwera ndi jakisoni maola asanu ndi limodzi alionse, ndipo matako a mwanayo anatupa mpaka ankalira akangoona chovala choyera. Selestina sankakhala pansi. Ankayenda kuchoka pabedi kukafika pakhomo, kubwerera, kuika dzanja pachifuwa cha mwana n'kumawerenga kapumidwe monga anaonera kwa a Mateyu, ngakhale analibe wotchi ndipo sankadziwa kuti nambala yabwino ndi iti. Lolemba anapita kukapimidwa. Matendawo anamupeza nawo. Analandira jakisoni wake n'kubwerera kwa mwana akutsimphina.

Lachiwiri masana, akutuluka kukatunga madzi, anaona aNabanda atakhala pakapinga kunja, pambali pawo pali mtolo wa nkhuni, kathumba ka ufa ndi poto. Anali atayenda wapansi kuyambira m'mamawa. Selestina anagwada patsogolo pawo.

"Amayi, ndinakulakwirani."

"Mwana ali bwanji?"

"Akupumabe mothamanga. Amayi, ndinakunyozani pamaso pa anthu pa chinthu chimene simunachite."

"Ndamva. Mwamuna wako anabwera kudzanena. Anaima patali ngati wobwereka moto, ananena, anapita." ANabanda anamasula mtolo wa nkhuni. "Zinandiwawa, Selestina, sindikubisira. Koma sindinabwerere zimenezo. Wadya liti iwe?"

Selestina sanakumbukire. Mayi akewo anapita kumalo ophikira odikirira odwala, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankasinthana kukhala pabedi.

Lachitatu m'mawa Ellina anapempha madzi yekha. Madzulo ake anadya masupuni anayi a phala n'kufunsa kuti anapiye ake akuwadyetsa ndani. Anatuluka m'chipatala Loweruka, ataonda, miyendo ikunjenjemera, koma akupuma ngati mwana wina aliyense. Lameck anabwera kawiri m'masiku amenewo. Ankabweretsa nthochi ndi mabanzi, ankakhala kumapeto kwa bedi n'kumaseweretsa zala za mwana wake. Ellina ankasangalala akamuona. Selestina ankatuluka panja mpaka iye atapita.

Patatha milungu iwiri ankhoswe anakumana pakhonde la a Kalinde. Kuchokera kwawo kwa Lameck, ku Magomero, kunabwera mkulu wake, a Francisko, munthu wofatsa amene ankaphunzitsa katekisimu kwawoko. Anayamba ndi kupepesa. Anati mng'ono wawo walakwa, walakwira mkazi wake, apongozi ake ndi Mulungu, ndipo palibe chimene angamuikire kumbuyo. Anati Lameck wavomera kusiya Limbe, abweretse makina ake adzasokere pa Milepa, pamaso pa aliyense.

"Zam'tauni zimachitika, amuna ambiri agwamo," anatero a Francisko. "Koma wachira, mlamu wachira, mwananso Mulungu watisungira. Tikupempha banja lipitirire."

A Kalinde anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo.

"Selestina, wamva. Ife sitikukakamiza. Nyumba ndi yako, mudzi ndi wako. Ukuti bwanji?"

Selestina anali atakhala pamphasa pafupi ndi mayi ake, akupotokola ngodya ya nsalu. Masiku onsewo anali asanagone bwino. Tsiku lina ankadzuka atatsimikiza kuti amukhululukira, pofika masana n'kukhala atasintha. Lameck sanali munthu womenya. Sankamwa mowa. Denga la malata la nyumba yawo anakhoma ndi iyeyo. Kutchalitchi akanamuuza kuti ukwati sutha. Zonsezo anali ataziyeza kambirimbiri.

"Amalume, za mkazi wa ku Limbe ndikanatha kuzipirira," anatero. "Zandipweteka, matendanso andipatsa, koma ndikanapirira monga anzanga amapiririra. Koma bambo awa anaona mwana wawo akumwa mankhwala. Ndinawauza zimene adokotala ananena, kuti amalize onse. Anadikira ine nditatuluka, anakwera pampando, anatenga. Kutacha anandiuza kuti ndi makoswe. Lachisanu lija ndinamanga nsalu kuti ndibwerere kuchipatala, iwo anandiletsa, akudziwa. Akanangonena tsiku limenelo, mwana sakanafika pamene anafika paja."

"Ndinachita mantha, mayi a Ellina," anatero Lameck. "Ndi manyazi."

"Ndikudziwa. Manyazi anuwo anakula kuposa mwana. Ndiye ine ndizigona bwanji m'nyumba imodzi ndi inu? Mwana akadzadwalanso ndizidzabisa mankhwala kwa bambo ake?"

A Francisko anayesa kulankhulanso. Anapempha kuti apatsidwe miyezi itatu, mpaka nandolo atakololedwa, mitima iyambe yazizira. A Kalinde anayang'ana Selestina. Iye anapukusa mutu.

"Mwana ndi wawo, azibwera kudzamuona nthawi iliyonse. Koma m'nyumba mwanga ayi."

Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka, koma mawu ake sanasinthe. Pomaliza a Kalinde anauza a Francisko kuti amva okha, ndipo iwo monga nkhoswe sangamange munthu pamalo pamene mtima wake wachokapo.

M'mawa mwake Lameck analongedza. Zake m'nyumbamo zinali zochepa: bulangete, malaya atatu, wailesi yaing'ono ndi nkhwangwa imene anabwera nayo pokwatira. Wailesiyo anaisiya pawindo. Anatsanzika aNabanda ataima patali, iwo anayankha osatukula mutu. Kenako ananyamula Ellina, anamuuza kuti akupita kuntchito ndipo abwera posachedwa, anamutsitsa, n'kutsatira mkulu wake kunjira.

Ellina anaima pang'ono akuyang'ana. Bambo ake akamapita ku Limbe sankatenga bulangete. Anayamba kuwatsatira, poyamba akuyenda, kenako akuthamanga ndi timiyendo take tofooka tija, akuitana. Lameck anatembenuka kamodzi, a Francisko anamugwira pamkono, anapitirira.

Selestina anamusiya mwanayo athamange mpaka pamtengo wa mango wa kumalire a munda, pamene anakhala pansi n'kuyamba kulira ndi kutsokomola. Anapita kukamunyamula. Ellina anamumenya ndi tizibakera pachifuwa, anamukankha ndi mapazi, akukuwa kuti akufuna ababa. Selestina anamugwira zolimba n'kubwerera naye kunyumba, iyenso akulira, osadziwa ngati wachita bwino. Pabwalo mayi ake anali atayala mkeka n'kuyanikapo dengu loyamba la chimanga. Anamulandira mwanayo, ndipo Selestina anapita kukatenga dengu lachiwiri.